Mawu a Womwalira ndi Cuma ca Masiye pa Meponda

Munthu akamwalira, nkhani yake siithera kumanda. Kumudzi kumatsala nyumba, munda wa cinangwa, mitengo ya mango, bwato, ukonde ndi mbuzi. Nthawi zina kumatsalanso ngongole. Zonsezi timazicha cuma ca masiye. Ife a pa Meponda tikudziwa kuti cuma cimeneci cadanitsa abale ambiri, ngakhale amene anayamwa bere limodzi. Kawirikawiri mkangano subwera cifukwa cakuti womwalirayo sananene kanthu. Ananena ndithu, koma ananena kale kwambiri, ndipo pamene ankamwalira zinthu zinali zitasintha. Tiyeni tione m'mene zinthu zasinthira kuno kunyanja kucokera m'nthawi ya makolo athu.

Makedzana Anyanja ndi Ayao a m'mbali muno ankawerenga mtundu kutsata kwa mayi. Mnyamata akakwatira ankapita kukakhala kwao kwa mkazi, ndiwo ukwati wa cikamwini. Kumeneko ankamanga nyumba ndi kulima munda umene apongozi anamulozera, koma mundawo sunali wake. Unali wa mbumba, ndiye kuti akazi apacibale pamodzi ndi ana ao. Woyang'anira mbumba anali mlongo wao wamwamuna, amene ana ankamuchula kuti atsibweni. Iyeyu ndiye ankaweruza za ukwati, za matenda ndi za maliro a ana a alongo ake. Tsono mwamuna akamwalira, mkazi ndi ana sankasamuka, pakuti anali kale pamudzi pao. Abale a mwamunayo ankabwera kudzasudzula mkaziyo ndi kutenga tinthu ta m'bale wao: nkhwangwa, uta, mkondo, mwina bwato. Wolandira zimenezi kawirikawiri anali m'bale wake wa bere limodzi kapena muphwa, ndiye kuti mwana wa mlongo wake. Mwana wobereka yekha sankayembekeza za bambo wake. Iye ankayang'ana kwa atsibweni ake.

Sitiyenera kuganiza kuti makolowo anali ouma mtima. Katundu wa munthu mmodzi anali wocepa. Wina ankapita naye kumanda, ndipo m'midzi yambiri nyumba ya womwalira ankaigwetsa. Cimene cinali cacikulu kwa iwo ndi dzina. Mfumu ikafa, wina ankalowa dzina lake, ndi kutenga udindo wake wonse. Kumapiri kwa Ayao, ku Mwembe, dzina la Mataka linayenda motero. Mataka woyamba, Che Nyambi, anamwalira ca m'ma 1879. Pambuyo pake dzinalo linagwera Che Nyenje, kenaka Che Bonomali. Wansembe wa Ciyao, Yohana Abdallah wa ku Unango, analemba mbiri ya mafumu amenewa m'buku limene linasindikizidwa mu 1919. Anthu anali osiyana, koma Mataka anali mmodzimodziyo. Asilikali a Cipwitikizi analanda Mwembe mu 1912.

Nanga munthu akafuna kuti cinthu cakuti cidzapite kwa uje, ankatani? Ankanena pakamwa. Ankaitana nkhoswe, alongo ake ndi akuluakulu awiri kapena atatu, n'kuwauza. Ndipo sankanena kamodzi kokha ai. Ankabwereza pa mowa, pa ukwati wa mwana, pa maliro a mnzake, pokonza ukonde pamcenga. Muphwa wina akakhala wamwano, nkhalamba inkasintha mawu ake, ndipo mudzi wonse unkamva kuti yasintha. Maliro akatha, pa tsiku lometa, abale ankakhala pansi ndi kukumbutsana kuti, "Kodi malemu anati ciani komaliza?" Mawu otsiriza ndiwo ankagwira nchito, osati oyamba. Pamenepa makolo athu anali ocenjera. Mawu ao ankakula pamodzi ndi mwini wake, cifukwa ankasungidwa m'mitu ya anthu amoyo amene ankaonana tsiku ndi tsiku.

Zinthu zinayamba kusokonekera pamene kunabwera ziphunzitso zatsopano ndi katundu watsopano. Cisilamu cinafika ndi amalonda ocokera kugombe la nyanja yamcere, ndipo mafumu a Ciyao anacilandira m'zaka za m'ma 1870 ndi pambuyo pake. Malamulo a Cisilamu amapatsa ana a munthu gawo la cuma ca bambo wao. Mwana wamwamuna amalandira magawo awiri pamene wamkazi alandira limodzi, mkazi wamasiye ali ndi gawo lake, ndipo munthu sangagawe mwa kufuna kwake koposa gawo limodzi mwa magawo atatu a cuma cake. Komabe Asilamu ambiri a kuno anapitiriza kutsata mbumba pa nkhani ya minda ndi ufumu. Kumpoto nako amishoni a chalichi ca Anglican anakhazikika pa cilumba ca Likoma mu 1885, ndi kumayendera midzi ya m'mbali mwa nyanja pa sitima yao. Iwo ankaphunzitsa kuti bambo ndiye mutu wa banja, ndi kuti mwamuna akhale ndi mkazi mmodzi. Motero pamudzi umodzi panayamba kukhala mayankho atatu pa funso limodzi.

Mu 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana za malire. Tsidya lino linakhala la Apwitikizi, tsidya lija pamodzi ndi Likoma ndi Chizumulu linakhala la Angerezi. Abale a mbumba imodzi anapezeka m'maiko awiri osafunsidwa. Dziko lathu lino Apwitikizi analipereka m'manja mwa kampani yochedwa Companhia do Niassa, imene inalamulira mpaka 1929. Kampaniyo inkafuna msonkho wa nyumba, ndipo wolephera kulipira ankagwidwa cibalo. Amuna ambiri anaoloka nyanja kupita ku Nyasaland, ena anapitirira mpaka ku Salisbury ndi ku migodi ya Johannesburg, ena analowera kumpoto ku Tanganyika.

Amene ankabwerako ankabwera ndi zinthu zimene agogo ao sanazione: njinga, makina osokera, sutikesi, malata, ndalama za m'thumba. Apa ndi pamene panabuka funso limene likutivutabe mpaka lero. Munda ndi wa mbumba, palibe wotsutsa. Koma makina osokera amene munthu anagula ndi thukuta lake ku Salisbury, ndi a yani? Muphwa ankati, "Ndi a atsibweni anga, tsono ndi anga." Mwana ankati, "Pamene bambo anali kutali, ine ndi amayi ndife tinkagona ndi njala." Onse awiri anali ndi mfundo. Bambo wanzeru ankapereka makinawo kwa mwana wake iye akali moyo, anthu akuona, kuti pasadzakhale colankhula. Koma ena sanabwereko konse. Amenewa ndi machona. Munthu ankacoka atanena kuti bwato lake lidzakhale la mng'ono wake, n'kukakhala zaka 30 ku Rhodesia, n'kukwatira komweko ndi kubereka ana ena. Mawu amene anasiya padooko anali a mnyamata wosakwatira. Amene anamwalira anali nkhalamba ya mabanja awiri.

Pa nthawi ya atsamunda panali malamulo a mitundu iwiri. Azungu ndi anthu akuda owerengeka ochedwa assimilado ankaweruzidwa ndi malamulo olembedwa a ku Portugal. Ena tonsefe tinkachedwa indígena, ndipo milandu yathu ya masiye inkathera kwa régulo ndi kwa mzungu wa pa posto, potsata miyambo monga m'mene iwo ankaimvera. Kusiyanitsa kumeneku kunathetsedwa pa pepala mu 1961. Pambuyo pake buku lalikulu la malamulo la mu 1966, lochedwa Código Civil, linayamba kugwiranso nchito ku Moçambique, ndipo gawo lake lonena za masiye linakhalabe ngakhale titalandira ufulu.

Bukuli ndi lofunika kulidziwa, cifukwa linatilamulira zaka zoposa 50. Linandandalika olandira cuma motere: poyamba ana ndi zidzukulu, kenaka makolo, kenaka abale a womwalira ndi ana ao, ndipo mkazi kapena mwamuna wamasiye anali pa nambala 4. Taganizani! Mayi amene walima ndi mwamuna wake moyo wonse ankabwera pambuyo pa alamu ake. Mwana wobadwa kunja kwa ukwati ankalandira zocepa kuposa anzake. Bukuli linanenanso kuti munthu akhoza kulemba kalata yogawa cuma cake, imene pa Cipwitikizi amati testamento, koma sangamane ana ake zonse. Mwana akakhala mmodzi, theka la cuma linali lake ndithu. Akakhala awiri kapena kuposa, magawo awiri mwa atatu anali ao.

Testamento inali ya mitundu iwiri. Ina amalemba ndi notário, mkulu wa boma wosunga zikalata, m'buku lake, pamaso pa mboni. Ina munthu amalemba mwacinsinsi n'kupita nayo kwa notário kuti akaivomereze. Koma lamulolo linati munthu wosadziwa kuwerenga sangapange testamento yacinsinsiyi. Cifukwa cake n'comveka: ungasaine bwanji pepala limene sudziwa cimene likunena? Tsono tikumbuke kuti pofika mu 1975, mwa anthu 100 alionse a m'dziko lino, oposa 90 sankadziwa kuwerenga. Khomo linalipo, koma ambirife tinalibe kiyi wake. Ndipo notário anali ku Vila Cabral, kumene lero timati Lichinga, pamwamba pa mapiri, ulendo wa makilomita ngati 60 kucokera kunyanja kuno.

Kenaka kunabwera nkhondo. Nkhondo yomenyera ufulu inayamba pa 25 Seputembala 1964, ndipo m'mbali mwa nyanja muno inafika msanga. Anthu ambiri anathawira ku Likoma, ku Malawi ndi ku Tanzania. Ena analowa m'thengo pamodzi ndi ankhondo a Frelimo. Otsala Apwitikizi anawasonkhanitsa m'midzi ya mpanda yochedwa aldeamento. Njira ya makolo ija yosunga mawu m'mitu ya anthu inavulala kwambiri pa nthawi imeneyi. Nkhalamba inanena mawu ake pamaso pa mboni zitatu. Patapita zaka 10, mboni ina inali itafera ku Tanzania, ina inali ku Nkhotakota, ndipo yacitatu inkakumbukira zokomera mbumba yake yokha.

Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975, ndipo boma latsopano linalengeza kuti nthaka yonse ndi ya Boma. Ma régulo anacotsedwa pa udindo cifukwa ambiri a iwo anagwira nchito ndi atsamunda. M'malo mwao munalowa magulu ochedwa grupo dinamizador, ndipo kuyambira 1978 kunakhazikitsidwa mabwalo a milandu a anthu, m'mene munkakhalanso oweruza aakazi. Caka comweco ndi pamene kampeni yoyamba yophunzitsa akuluakulu kuwerenga inayamba m'dziko lonse. Anthu analimbikitsidwa kusamukira m'midzi ya pamodzi, kusiya minda ndi mitengo ya makolo kutali. Mu 1983 boma linatumiza ku Niassa anthu zikwizikwi ocokera m'mizinda ya kumwera, pa cimene cinachedwa Operação Produção. Ena a iwo anakwatira konkuno, ndipo kwao kumwerako cuma cimatsata kwa bambo. Nkhondo ya pakati pa boma ndi Renamo inabalalitsanso anthu kaciwiri, moti ku Malawi kokha kunali othawa pafupifupi 1,000,000. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera ndi kupeza ena akukolola mango a m'mitengo imene malemu bambo ao anawalonjeza.

Ndalama nazo sizinakhale cimodzimodzi. Pa 16 Juni 1980 escudo inacotsedwa ndipo kunabwera metical, ndipo anthu anapatsidwa masiku owerengeka okha kuti asinthe. Amene anakwirira ma escudo m'citini kuti adzathandize ana, ngati anali kutali kapena anamwalira osaulula, anasiyira anawo mapepala opanda nchito. Kuyambira 1987 mphamvu ya metical inagwa kwambiri, mitengo ya zinthu n'kumakwera caka ndi caka. Mu 2006 boma linatulutsa metical yatsopano, ndipo 1,000 yakale inasanduka 1. Tsono kalata yolembedwa mu 2000 yonena kuti mwana wamkazi adzalandire 5,000,000 ikunena za 5,000 ya lero. Wowerenga wosadziwa mbiriyi angayambitse mlandu wofuna ndalama zimene sizinakhalepo.

Pa nkhani ya minda, lamulo limene linatithandiza kwambiri ndi Lamulo la Nthaka la mu 1997. Linabwereza kuti nthaka ndi ya Boma ndipo sigulitsidwa. Koma linati munthu ali ndi ufulu wogwiritsa nchito malo, umene timauchula kuti DUAT, ngati anawapeza potsata mwambo, kapena ngati wakhalapo mokhulupirika kwa zaka 10. Linati kusowa kwa cikalata sikucotsa ufuluwo, ndi kuti umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi, ndi wovomerezeka. Linatinso ufulu umenewu ukhoza kusiyidwa kwa olowa m'malo popanda kusiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Apa boma linavomereza nzeru ya makolo, yakuti anthu amoyo ndiwo mboni. Mu 2000 mafumu anazindikiridwanso ndi boma. Patangopita zaka zocepa, makampani obzala mitengo ya paini ndi bulugamu anayamba kufuna malo aakulu m'madera ozungulira Lichinga, ndipo mabanja ambiri anaona kufunika kodziwa bwino malire a minda yao ndi mwini wake weniweni.

Za banja zinasintha mocedwa. Lamulo la Banja la mu 2004 linavomereza ukwati wa mitundu itatu: wa ku boma, wa ku chalichi kapena ku mzikiti, ndi wa mwambo, koma wa mkazi mmodzi ndipo wolembetsedwa. Linazindikiranso mwamuna ndi mkazi okhalira limodzi popanda kulembetsa, ndi kunena kuti katundu amene apeza ali limodzi ndi wa onse awiri. Mfundo imeneyi ambiri saidziwa. Ngati bwato linagulidwa ndi ndalama za usipa umene mwamuna anapha ndipo mkazi anayanika ndi kugulitsa, theka la bwatolo ndi la mkaziyo kale. Si cuma ca masiye ai, ndipo mwamuna sangalonjeze muphwa wake cinthu cimene theka lake si lake. Malamulo aakulu a dziko amaletsanso kusala mwana cifukwa ca m'mene anabadwira. Potsiriza, mu Disembala 2019, kunatuluka lamulo latsopano la masiye, Lei das Sucessões, limene linalowa m'malo mwa gawo lija la buku la mu 1966. Lamuloli linacotsa wamasiye pa nambala 4 ndi kumuika pa nambala 1, pamodzi ndi ana. Ife tikuona kuti linacedwa, pakuti amayi ambiri anali atalandidwa kale ziwiya ndi malata m'zaka zonsezo. Komabe linafika.

Tsopano tiyerekeze msodzi wa pano amene mu 1995, atangobwera kucokera kothawa nkhondo, anapempha mphunzitsi kuti amulembere pepala. Ananena kuti bwato lake ndi khoka zidzakhale za muphwa wake, nyumba idzakhale ya mkazi wake, ndipo ana ake awiri adzagawane mbuzi. Pepalalo analipinda ndi kuliika m'sutikesi. Msodziyo wamwalira mu 2022. Bwato la mtengo lija linaola kalekale, ndipo m'malo mwake muli boti la matabwa la injini, ndi cilimila, ndi nyali zophera usipa. Kodi muphwa atenge boti ndi injini yomwe, poti pepala likuti bwato? Mkazi wochulidwa m'pepalayo anamwalira mu 2003, ndipo msodziyo anakwatira wina, amene wakhala naye zaka 17 ndi kubereka naye ana atatu. Pepala silikuwadziwa ana amenewa, koma lamulo likuwadziwa. Mbuzi zinatha. Pali ndalama za mu foni zimene nambala yake yacinsinsi ankaidziwa yekha. Pali ngongole ya mafuta a injini. Mphunzitsi amene analemba anasamuka. Pa tsiku la sadaka, pepala limene linalembedwa kuti liletse mkangano ndilo likuyambitsa mkangano, cifukwa muphwa waligwira m'manja ndipo sakufuna kumva zina.

Pepala lili ndi ubwino umene pakamwa palibe. Silithawa nkhondo n'kuiwala, silikondera mbumba, silimwalira ndi malungo. Koma silimva kuti kwabadwa mwana. Limanena lero zimene linanena tsiku limene linalembedwa. Makolo ankakonza mawu ao pa mowa ndi pamcenga osadziwa n'komwe kuti akukonza. Ife amene tayamba kulemba tiyenera kucita zimenezi mwadala: pakabadwa mwana, pakacitika ukwati kapena ukatha, akamwalira munthu amene tinamuchula kapena mboni yathu, tikagula kapena kugulitsa cinthu cacikulu, ndiponso lamulo likasintha monga linacitira mu 2019.

Lamulo silikaniza kusintha. Munthu akhoza kufafaniza testamento yake nthawi iliyonse akali moyo ndi nzeru zake, ndipo ngakhale atalumbira kuti sadzasintha, lumbirolo siligwira nchito. Testamento yatsopano imagonjetsa yakale pa mfundo zimene zikutsutsana. Pamenepa lamulo la boma ndi mwambo wa pa tsiku lometa zikugwirizana, pakuti zonse zimafunsa mawu otsiriza. Testamento imene bwalo la milandu la boma limailemekeza mokwanira ndi yodzera kwa notário, ku ofesi ya Registos e Notariado ku Lichinga, ndipo wopita kumeneko atenge citupa cake ndi mboni. Pepala lolemba tokha kunyumba silifika pamenepo, koma limathandiza pa bwalo la abale, kwa mfumu ndi kwa shehe kapena abusa, makamaka ngati mwini wake analiwerenga mokweza pamaso pa mkazi wake, ana ake ndi alongo ake, onse ali pamodzi. Kuwerengera mbali imodzi yokha ndiko kumabala mawu akuti, "Ife sitinamve."

N'cifukwa cake m'kalasi mwathu, tikamaphunzira kulemba kalata, timayamba ndi tsiku, mwezi ndi caka pamwamba pa pepala, dzina lisanabwere. Mapepala awiri akapezeka m'sutikesi imodzi, lina lopatsa boti muphwa, lina lopatsa boti ana, abale adzayang'ana pa ngodya ya kumanja kuti aone limene linalembedwa pambuyo. Ngati onse awiri alibe caka, akuluakulu adzayambanso kufunsana za inki ndi za kufiira kwa pepala, ndipo boti lidzakhala pamcenga nyengo yonse ya usipa kudikira mlandu.